Tsiku Limene Ndinamanga Mailo pa Mlambe

Sekani, sekani ndithu, mano ndi anu. Koma amene akuti Yotamu Daka ndi wabodza aimilile pano pamthunzi, atchule dzina la atate ake, kenaka andiuze chifukwa chake tsitsi langa linayela mbali imodzi ndikali mnyamata wa ndevu zoyamba, pamene mbali inayi inadikila ukalamba ngati tsitsi la anthu onse. Palibe? Ndinadziwa. Inunso adalaivala a ku Malawi, lole yanu yafa, makanika wapita ku Petauke kukafuna chitsulo ndipo sabwela msanga, ndiye khalani pa tayala apo mumve. Ine amene mukundiona ndikumumunya nthochi ndi nkhama zokhazokha, ndinamangapo tsiku lathunthu pa mlambe ndi chingwe cha galu. Ngati ndikunama, mphenzi indipeze pompano dzuwa likuswa mtengo.

Poyamba ndikuphunzitseni kulankhula, adalaivala. Kwanu muli ndi dzulo, mulinso ndi mawa, mawu awili ngati anthu olemela. Kuno tili ndi limodzi basi: mailo. Tsiku lapita ndi mailo, tsiku likubwela ndi mailo, ndipo womva amadziwa yekha poona mawu amene ayenda nalo limodzi. Liwu limenelo ligwileni, musalitaye, chifukwa linatsala pang'ono kundipha.

Inali nthawi ya Chitaganya, msewu uwu ukali wa fumbi, ine ndili pa chikamwini kwa Luembe, kwawo kwa mkazi wanga Esinati. Kuno galu sitimupatsa dzina lachabe. Dzina la galu ndi mawu amene munthu akulephela kuuza mnzake pamaso, ndiye amawapatsa galu kuti aziwafuula m'mawa ndi madzulo popanda mlandu. Esinati anatola kagalu kofiila ka khutu limodzi logwa, n'kukatcha Mailo. Anthu a m'mudzi ankati akunena ine, ati chifukwa akandiuza za denga lodontha ndinkayankha kuti mailo, za nkhokwe yopendekeka mailo, za mpini wa khasu mailo. Nsanje chabe. Ine ndine munthu woganiza ndisanagwile ntchito, ndipo kuganiza kumafuna nthawi.

Apa musaseke. Ana athu awili sanakhalitse, tinawaika kuseli kwa mudzi asanayambe n'kuyenda komwe. Kuyambila pamenepo Esinati analeka kuimba pamtondo, analeka kuseka, ndipo mawu ake anabwelela pamene kagalu kaja kanafika. Ankalankhula nako ngati munthu, kupita kumadzi nako, kumunda nako, akakhala pansi iko pamapazi pake. Galuyo atakula, anyani a m'phili ankayamba apempha njila asanadutse m'mbali mwa munda wathu, nguluwe zinasamukila kutsidya, ndipo akauwa kamodzi kwa Luembe, nkhuku za pa Nyimba pano zinkathawila m'makola. Koma kwa Esinati sanali mlonda wa chimanga. Anali chokhacho chimene chinamutsalila choti azichiitana dzina pakhomo.

Chaka chimenecho kunagwa chiwewe. Ana a lelo chiwewe mumangochimva. Bambo wina wa mudzi woyandikana nafe, mlimi wamphamvu, analumidwa pachala ndi galu wake yemwe, bala laling'ono loti n'kumanga ndi tsamba, ndipo pasanapite nthawi ndinamuona ndi maso angawa atamangidwa pa nsanamila ya nyumba yake, thovu lili m'kamwa, akulila ludzu, koma mkazi wake akabwela ndi chikho cha madzi iye n'kukuwa ngati amuonetsa moto. Anafa akuyang'ana madzi. Kuyambila tsiku limenelo munthu akamva kaphazi kumbuyo kwake m'njila, mtima unkayamba wathawa mwini wake asanatembenuke. Boma linalamula kuti galu aliyense amangidwe. Woyendayenda, lole imutola, imupititsa ku Petauke, ku khola la kuseli kwa maofesi, ndipo mwini wake akachedwa, mfuti.

Esinati anasenda luzi yekha, anapota chingwe yekha pantchafu, n'kundiikila m'manja.

"Mwewo, mangani imbwa." Ndiko kulankhula kwa kwawo: inu, mangani galu.

Ine ndinati, "Mailo."

Mpaka lelo abale ake amati ndinazengeleza. Ine ndikuti ndinali kuitana galu, ndipo galuyo ndiye sanabwele. Mwini mawu ndine.

Kutacha galu anatsata amai onyamula nthochi kubwela nazo pamsewu pano, ndipo amaiwo anabwelela okha. Anati anaona amuna a boma akumuponyela ukonde n'kumukweza lole pamodzi ndi agalu ena. Esinati sanakalipe. Akadakalipa ndikadapuma. Anangokhala pakhomo, miyendo atatambasula, manja pamaondo, monga mmene anakhalila tsiku limene tinabwela kuchokela kumanda kachiwili. Ine ndinakhalapo mumtengo mkango ukundidikila pansi ukunyambita milomo, koma mantha amene ndinamva poona mkazi wanga atakhala choncho anali ena. Anatola chingwe chija pansi n'kunditambasulila osandiyang'ana. Anangoti, "Imbwa yangu," basi.

Ndinanyamuka chingwe chili m'chiuno. Munayendapo m'dziko lopanda galu wouwa? Mudzi uliwonse umene ndinadutsa unali zii, zitseko zotseka dzuwa lili pamutu, agalu omangidwa atagona pansi pa nkhokwe akungonditsata ndi maso, ana osatuluka, amai ochokela kumadzi akundipatukila patali chifukwa masiku amenewo mlendo aliyense ankayamba wamuyang'ana pakamwa asanamupatse moni. Ulendo umene anthu amagonela panjila ine ndinaudya kamodzi, usiku wonse osagona, ndipo ndinalowa m'Petauke tsiku lotsatila. Pa boma nthawi ya Chitaganya munthu ankasamala lilime, chifukwa liwu limodzi likakhota ankati ndiwe wa ndale, ndipo lole yotola agalu inali ndi malo a anthu omwe.

Pachipata panaima mesenjala, aLungu, munthu wamtali wa chisoti chofiila ndi lamba wonyezimila, akutafuna nzimbe.

"Mufuna chani, bambo?"

Ndinavula chipewa. "Nifuna Mailo, bwana."

"Ngati mufuna mailo, mwabwelela chani lelo?"

"Iyayi bwana, Mailo ni galu. Anamutola ku Nyimba."

"Oho, agalu." Analoza kuseli ndi nzimbe ija.

Ndinafunsanso, "Nanga tsiku loombela ni liti?"

Nthawi yomweyo mzungu anaitana m'kati mwa ofesi, ndipo aLungu, nzimbe ili m'kamwa, akuthamanga kale, anangoponya liwu limodzi kumbuyo: "Mailo!" Chipata gwa.

Mukumva? Liwu limodzi, lopanda mutu, lopanda mchila. Mailo apita kapena mailo akubwela? Ndinazungulila mpanda. Kholalo linali la malata aatali ndi waya pamwamba, loti sungaone m'kati, ndipo munali chete. Ndinaitana monong'ona poopa asilikali, sindinamve kanthu. Kenaka maso anga anayamba kuona zimene sindinafune kuona: dothi lofiila lokumbidwa kumene, fosholo itazikidwa pamwamba pake, miimba itadzaza mumtengo ngati zipatso, ndipo pansi pa phazi langa makhoko a zipolopolo akununkhabe. Ndinati basi, mailo ake ndi apita aja, galu wa Esinati ali pansi pa dothi ilo.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa miimba, ndikuona nkhope ya mkazi wanga, ndikudzifunsa kuti ndikalowa bwanji pakhomo paja ndi chingwe chopanda kanthu. Munthu wamba akadalila n'kubwelela. Koma mutu uwu sunanyamule tsitsi lokha. Ndinati: masiku amachokela kum'mawa, amadutsa pamutu pathu, n'kukagwa kumadzulo kuseli kwa Luangwa, aliyense amaona. Ndiye kuti tsiku limene lapitalo silinafike patali, lili kwinakwake kutsidya likupuma. Ndikalipeza ndilowamo, nditulutse galu mfuti isanalile.

Ndinalimbitsa chingwe m'chiuno, ndinalavulila m'manja, ndiye phazi thandize. Anthu inu, ndinatuluka m'Petauke fumbi langa lisanadziwe kuti ndanyamuka, ndinapitilila lole ya fodya mpaka dalaivala wake anatsika kukaona ngati injini yazima, ndinapitilila mphepo imene inanyamuka m'mawa, pa Nyimba pano nthochi zaziwisi zinapsa m'malichelo ndi kutentha kwa mapazi anga, amai ogulitsa anangomva fungo la thukuta munthu osamuona, chithunzithunzi changa chinatopa pa Kachalola n'kukhala pamwala chikupuma wefuwefu ine osachidikila, ndipo m'mapili muja ndinalipeza dzuwa lenilenilo likutsika pang'onopang'ono ngati nkhalamba ya mtolo wa nkhuni, njila yopapatiza, kumanzele phompho, kumanja thanthwe, ndiye ndinati zikomo ndidutseko, n'kudzipanikiza m'mbali mwake, ndipo mbali iyi ya mutu ndi imene inakhudza. Gwilani, adalaivala, musaope, panazilala kale. Pa Luangwa sindinataye nthawi kufunafuna mlatho, ndinaponda pamisana ya ng'ona, ndipo zina mpaka lelo zikuyenda ndi phazi langa pamsana.

Kutsidya kuja, kuseli kwa phili lomaliza, kuli chigwa chimene sindifunila munthu aliyense kuti akachione. Kulibe mbalame, kulibe mphepo, ngakhale ntchentche. Kuwala kwake ndi kotuwa ngati phulusa. Pakati paima mlambe umodzi wouma, ndipo kuzungulila mlambewo kwaunjikana masiku onse amene anapita, lililonse lopindidwa ngati mphasa, mulu pamwamba pa mulu mpaka kumene maso alekela. Tsitsi limene linatsala linaima. M'mphasa iliyonse munkamveka anthu a tsiku limenelo, motsika, ngati njuchi m'mphako. Ndikuyenda pakati pake ndinamva chifuwa cha malemu atate anga, chija ankatsokomola akamadzuka. Ndinamva musi ukugunda ndi Esinati akuimba, nyimbo imene ndinali nditaiwala kuti amaidziwa. Ndipo pansi penipeni pa mulu wina ndinamva kulila kwa khanda, kulila kumene ndikadakuzindikila pakati pa makanda a dziko lonse.

Ndinagwada. Ndinagwila m'mphepete mwa mphasayo ndi manja onse awili n'kukoka, ine amene ndinagwetsapo njati poigwila nyanga, ndinakoka mpaka zikhadabo zinatuluka magazi, koma sinasunthe. Masiku ambili anali ataiunjikila pamwamba, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kudya m'mbali. Ndinalila, sindibisa. Kenaka ndinakumbuka kuti pali mmodzi amene ndingathe kumubweza, ndipo ndinaimilila.

Pamwamba pa mulu wa pafupi ndi mlambe panagona mphasa ziwili zofanana ndendende, ina yofunda, ina yozizila ndi yonyowa mame. Pamenepo ndinadziwa chifukwa chake makolo athu anapatsa masiku awiliwa dzina limodzi. Amagona pamodzi ngati mapasa. Lapita limafika kudzagona, ndipo likubwela limadikila pambali pake kuti dzuwa likangolowa, ilo lilowe m'dzenje la pansi pa mlambe, lidutse kunsi kwa dziko, likatulukile kum'mawa. Kusukulu sakuuzani zimenezi chifukwa aphunzitsi sanafikeko.

Ndinafunyulula yofunda ija, tsiku lapita. M'kati munali Petauke yense, wamng'ono ngati wojambula pansi ndi chala. Ndinaona khola, ndinaona agalu, ndinaona Mailo atagona mphuno ili pachitseko. Ndinaona akaidi akukumba dzenje, ndi msilikali akuombela zitini pofuna kuyesa mfuti yake. Ndinayang'anitsitsa mpaka kadzuwa ka m'mphasamo kanalowa, ndipo palibe galu amene anafa. Mtima unayamba kuvina, kenaka unaima, chifukwa ndinatembenukila ku mphasa yozizila ija. Ndinakweza kangodya kake kokha ndi zala ziwili. Fungo la onga linandimenya m'mphuno. Munali m'mawa, agalu akuwakokela ku dzenje mmodzimmodzi, ndipo pamzele panali galu wofiila wa khutu logwa, osayang'ana mfuti, akungoyang'ana kumsewu ngati pali amene akumudikila. Msilikali anakweza mfuti. Ndinasiya ngodya ija ngati yandiotcha.

Mukumva? Mailo a aLungu anali akubwela! Galu anali moyo kuseli kwa malata pamene ine ndinakhala pansi pa miimba, ndipo ndi miyendo yanga yanzeluyi ndinamuthawa mpaka kumalekezelo a dziko.

Ndisanapume n'komwe, kumsana kunayamba kutentha. Dzuwa lija ndinalisiya m'mapili linali litafika pamwamba pa phili lomaliza, ndipo mphasa yozizila inayamba kugwedezeka, kenaka kukwawa yokha ngati nsato, kulunjika kudzenje. Ikangolowa, ikatulukila ku Petauke ndi mfuti yake ine ndisanawoloke n'komwe. Ndinaigwela pamsana, inanditaya, ndinaigwilanso, inandikulunga mpaka ndinamva kuzizila kwa tsiku limene sindinafike kukulowa m'mafupa, ndipo ndili m'katimo ndinaona zinthu zam'tsogolo zimene sindidzauza munthu, ndinailuma, inandilavula, mutu wake unali utalowa kale m'dzenje pamene ndinamasula chingwe cha Esinati m'chiuno, n'kuikola kumchila, n'kuzunguliza pa mlambe, n'kumanga mfundo imene amamangila ng'ombe yolusa. Inakoka, mlambe unalila, koma luzi lopota mkazi wanga silinaduke. Dzuwa litaona kuti tsiku lolowa m'malo lamangidwa, linangoima pamwamba pa phili, chifukwa mlonda sachoka pachipata mnzake asanafike.

Pobwelela ndinatola chithunzithunzi changa pa Kachalola chikadali pamwala pomwe paja. Funsani nkhalamba za ku Petauke za tsiku limene linakana kutha, zikuuzani: nkhuku zinaikila n'kuikilanso, ng'ombe zinabwela zokha kukhola n'kubwelelanso kudambo, amai anaphika, anthu anadya, njala inabwelanso kunja kukali mbee, ndipo makalaliki a pa boma sanaweluke chifukwa dzuwa silinawalole. N'chifukwa chake ndinapeza chipata chotsegula.

Koma taganizani mmene ndinkaonekela. Mutu wopselela mbali imodzi, maso ali psuu, malaya atatsala m'minga, lilime lili panja, thovu likutsika m'ndevu. ALungu atandiona anataya nzimbe n'kulumphila kumbuyo.

"Chiwewe! Munthu wa chiwewe!"

Anthu anabalalika. Msilikali anatulukila ndi mfuti, yomwe ija ndinaiona m'mphasa, ndipo kamwa lake linandiyang'ana pachifuwa. Ndinafuna kunena kuti ndine Daka wa kwa Luembe, mwamuna wa Esinati, Mkhilisitu wobatizidwa, koma kukhosi kunali kouma ndipo chimene chinatuluka ndi he, he, he, ngati galu yemwe. Ena anabwela ndi ukonde. Ndinayang'ana dzenje lija n'kuona kuti munthu wa msinkhu wanga akwanamo bwinobwino. Ndinaganiza za bambo uja wa pansanamila, ndinaganiza kuti ndifa pano ngati iye, galu afa mailo, ndipo Esinati adzakhala pakhomo paja mpaka kuuma.

Mulungu awadalitse aLungu kumene ali. "Imani! Mupatseni manzi tione."

Anandikankhila chidebe ndi mtengo wautali. Wachiwewe akaona madzi amakuwa. Ine ndinamwa chidebe chonse, ndinamwa mgolo wa akaidi, ndinakwela pa thanki ya boma n'kuimwa mpaka achule a pansi anandiyang'ana modandaula, ndipo mzungu uja sanasambe kufikila mvula itagwa. Msilikali anatsitsa mfuti. Mawu atabwela, liwu loyamba kutuluka linali lakuti, "Mailo."

ALungu anagwila kumutu. "Iyayi, bambo, lelo! Mutengeni lelo, mailo tiombela!"

Akadalankhula choncho poyamba, tsitsi langa likadakhala lofanana mbali zonse.

M'kholamo munthu wa boma sankalowa. Mwini galu ankalowa yekha, ndipo galu ankayenela kumwa madzi pamaso pawo asanamutulutse. Anandipatsa kachitini ka madzi otsala ku tiyi wa mzungu, chifukwa ena onse anali m'mimba mwanga, anatsegula chitseko cha lata pang'ono, ndinalowa, ndipo ndinamva mpilingidzo ukugwa kumbuyo kwanga. Munali kutentha ndi fungo loti ungadule ndi mpeni. Agalu anali mbali zonse, osauwa, akungondiyang'ana. Mailo anali atagona kungodya yakutali. Ndipo pakati pa ine ndi iye panaima galu wakuda, mutu uli pansi, dovu likulendewela mpaka m'dothi, m'kamwa muli magazi chifukwa choluma malata. Ameneyo sanafunike kuyesedwa.

Ndinaitana, "Mailo." Khutu lokha linagwedezeka. Ndinaitananso, galu osadzuka. Pamenepo ndinazindikila kuti galuyu dzina lake sanalimvepo m'mawu a mwamuna woopa. Analizolowela m'kamwa mwa Esinati, mokweza, mokoka, ndi kachipongwe kaja kolunjika kwa ine. Ndiye ine Yotamu Daka, mwamuna wa ndevu, pamaso pa mesenjala ndi msilikali ndi akaidi amene ankasuzumila pamwamba pa malata, ndinaika dzanja m'chiuno, ndinapendeketsa mutu, n'kufuula ndi mawu a mkazi wanga: "Mailoooo! Chilichonse mailoooo!"

Kunja kunaphulika phwete. Koma galu anadzuka. Anayamba kubwela m'mbali mwa malata, mimba ili pansi, ndipo wakuda uja anatembenuka n'kulunjika kwa iye. Sindinaganize, kanali koyamba m'moyo wanga kugwila ntchito ndisanaganize. Ndinalumphila pakati pawo n'kumwaza madzi a m'kachitini pamaso pa wakudayo. Anakuwa kulila kumene ndimakumvabe ndikadwala malungo, anagwa chagada, anakwawila kungodya akunjenjemela. Ndinanyamula Mailo ngati mwana n'kugunda chitseko ndi chidendene mpaka anatsegula. M'kachitini munatsala madzi ongokwana pachikhatho. Ndinawathila m'dzanja, aLungu ndi bambo wina wa boma wobaya agalu jekeseni akuyang'ana, msilikali chala chili pa mfuti. Galu ananunkhiza, anandiyang'ana, kenaka anamwa onse n'kunyambita mpaka pakati pa zala.

Anamufufuza thupi lonse osapeza bala, anamubaya jekeseni, anamupachika kachitsulo pakhosi, n'kunena kuti asatuluke pachipata wosamangidwa. Chingwe chinali pa mlambe kutsidya kwa Luangwa. Ndinavula lamba n'kumumanga nalo, ndipo kuchokela ku Petauke mpaka kwa Luembe ndinayenda dzanja lina pa galu, lina pa kabudula. Eni agalu ambili amene akadachedwa ndinakumana nawo m'njila akuthamangila ku boma, ndipo anapeza agalu awo amoyo chifukwa cha tsiku lalitali limene ndinawapatsa. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwela kudzathokoza.

Ndinapeza Esinati pakhomo pomwe paja, atakhala monga ndinamusiyila, dzuwa likadali lende pamwamba pa phili. Galu anandisomphola lamba m'manja n'kukagwela pamiyendo pake. Anamugwila makutu onse awili, logwa ndi loima, anaika chipumi chake pa chipumi cha galu, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Atatelo anadzuka, anatenthetsa madzi, anabwela nawo m'beseni n'kuika pamapazi anga, kenaka anandiyang'ana mutu wopselelawu.

"Chingwe changu chili kuni?"

Ndinamufotokozela zonse monga ndakuuzilani inu. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana ine.

"Kamasuleni, anthu agone."

Ndinayang'ana mapazi anga m'beseni, otupa ngati maungu, ndipo ndinati, "Mailo."

Anaseka. Anaseka mpaka anagwila pamimba, mpaka misozi, mpaka amai ake anatuluka m'nyumba kudzaona kuti ndani akuseka ndi mawu a mwana wawo, chifukwa chichokeleni kumanda kuja anali asanamumvepo akuseka. Chingwecho chiswe ndiye chinadzamasula, ndipo mdima unagwa kamodzi ngati munthu wagwetsa bulangete. Mailo anakhala nafe mpaka anakalamba, anafa yekha pamthunzi mano atatha.

Mukuti chiyani, adalaivala? Nenani mokweza, khutu ili linapsa. Mukufunsa kuti ngati njila ndikuidziwa, bwanji sindinathamange pamene Esinati anamwalila?

Funso lopanda ulemu, koma ndinu mlendo, ndiyankha. Mphasa yake ilipo. Ndikuidziwa bwino, ndi ya tsiku lomaliza limene anakhala pakhomo akutongola chimanga n'kumandinena za denga. Siinapite pansi kwambili, chiswe sichinaifike, ndipo ndikangoigwila m'mphepete ibwela, chifukwa mkazi uja anali wopepuka. Chingwe chatsopano ndinapota kale, chili pamsomali kuseli kwa chitseko. Bondo ili lokha ndi limene likundichedwetsa, ndi kachifuwa aka. Zikangoleka ndinyamuka pamsewu womwewu, ndipo lole yanuyo, ngakhale aikonze bwanji, idzangomva mphepo ikudutsa.

Liti? Musandifunse ngati mwana.

Mailo.